Kachidutswa ka Ndudu Mumphika wa Maluwa

Fodya si bwenzi la munthu. Amalowa ngati mlendo waulemu, koma akakhazikika amalamula nyumba yonse. Ndiye amasankha nthawi yodzuka, anthu ocheza nawo, ngakhalenso banja limene munthu angalowemo. Wokayika amve zimene zinamuonekera mtsikana wina wosoka makatani, amene anthu ankamutcha Tsabola chifukwa cha lilime lake.

Tsabola anaphunzira kusuta pafakitale ya nsalu, pamene antchito ankagawana ndudu pa nthawi yopuma. Ntchito ija inatha, koma ndudu inamutsatira mpaka m'kachipinda kake kosokeramo. Atakumana ndi Mphunzitsi, mnyamata wofatsa wophunzitsa masamu, sanamubisire kanthu, ndipo mnyamatayo anamukonda choncho. Cholakwa cha Mphunzitsi chinali chimodzi: anapempha Tsabola kuti asoke makatani a pabalaza pa amayi ake, poganiza kuti mphatsoyo itsegula njira. Amayi aja atatambasula nsalu, anainunkhiza kamodzi, naipindanso mwakachetechete.

"Amene wasoka izi asadzaponde pakhomo panga ndi fungo limeneli," anatero.

Sikunali kuuma mtima chabe. Amuna awo anadwalapo chifuwa mpaka kutsala pang'ono kutsikira kulichete, ndipo ali pabedi la kuchipatala analumbira kuti fodya sadzamukhudzanso. Kuyambira pamenepo, mayiwo ankanyadira lumbirolo pamaso pa mlendo aliyense. Motero Tsabola anatsala ndi njira ziwiri, kusiya ndudu kapena kusiya Mphunzitsi.

* * *

Loweruka lina masana, Tsabola anafika kwa achimwene ake, dalaivala wa magalimoto akuluakulu, nawapeza akutsuka nsapato pakhonde. Mkuluyu anasuta zaka zambiri, kenako anasamukira ku ndudu yamagetsi, ndipo pomaliza anasiya zonse. Ndiye anamulangiza mlongo wakeyo kuti ayese njira yomweyo, pakuti njira zina zonse zinali zitamukanika.

"Achimwene, munandinamiza," anatero Tsabola, akuponya pampando kachipangizo konga cholembera chonenepa. "Chidole chanuchi ndakoka mpaka kukhosi kwauma gwa, koma chibaba chili pomwepo. Dzulo ndinatsala pang'ono kumuluma kasitomala."

"Moni kaye, mayi woluma anthu. Tandipatsa kabotolo ka madzi ake ndione."

Anakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, naseka mpaka burashi inagwa m'manja.

"Iwe, umu mulibe nikotini ngakhale dontho. Wagula fungo la maapozi basi."

"Ndinasankha dala. Ndikufuna mayi ajawo adziwe kuti ndataya zonse nthawi imodzi."

"Chabwino. Ndiye wataya?"

Tsabola anayang'ana kumbali.

"Ndasutako m'mawa," anayankha motsitsa mawu.

"Eya. Matama amenewo ndi amene amabweza anthu ku ndudu. Thupi lako linazolowera nikotini kuyambira kale, ndiye iwe ukulinyenga ndi maapozi? Wosuta kwambiri ngati iwe amayamba ndi madzi a mphamvu yofanana ndi chibaba chake. Chibaba chikagona, amatsitsa mphamvuyo pang'onopang'ono mpaka kufika pa madzi opanda kanthu ngati akowa. Iwe wayambira kumapeto. Ndiponso kakununkha chopserera kameneka. Unathira madzi n'kukoka nthawi yomweyo?"

"Nanga ndikanadikira chiyani?"

"Mkatimu muli kawaya kotentha ndi kathonje. Ukathira madzi koyamba, umakasiya kaye kuti thonje linyowe. Ukafulumira umaotcha thonje louma, ndiye ukusuta pilo. Ndipo usamakoke mwaukali ngati ukulimbana ndi munthu. Koka pang'ono, mofatsa, upume. Kukhosi kukauma, imwa madzi. Mutu ukayamba kuwawa kapena mseru ukabwera, wachulutsa, kaike pansi."

"Mukanakhala m'busa, achimwene."

"Sindinathe. Tchaja gwiritsa yake yomwe, ndipo usakasiye pamagetsi iwe ukupita kogona. Batire lapadera lisakhale m'chikwama pamodzi ndi makiyi, lingakuotche. Kabotoloka kaike pamwamba pamene ana sangafike, chifukwa kamanunkhira ngati switi koma kwa mwana ndi poizoni. Tsono chachikulu nachi, chemwali: usayende njira ziwiri. Usamati masana magetsi, madzulo ndudu. Ukatero mapapo ako sanapumule, wangowonjezera bwana wachiwiri."

Anatambasula dzanja. Tsabola anazengereza, kenako anatulutsa paketi ya ndudu ndi layita m'chikwama, naziika m'dzanjamo. Achimwene ake anaponya paketiyo m'beseni la madzi a sopo.

"Kumbukira," anatero, "kachipangizoka ndi mlatho. Pamlatho sitimangapo nyumba."

Mawu a dalaivalayu anali olunjika, ndipo pano payenera kuwonjezedwa chenjezo. Ndudu yamagetsi si mpweya wabwino ayi. Ndi chinthu chimene wosuta wolephera kusiya angaponderepo potuluka m'dzenje, ndipo wanzeru amafunsanso a zachipatala za njira zina zothandiza kusiya. Amene sali m'dzenjemo alibe chifukwa chilichonse chokhudzira chipangizocho.

* * *

Masabata angapo anadutsa Tsabola osayatsa ndudu. Zala zake zinayamba kuyera, ndipo anadabwa kumva fungo la sopo pa zovala zake zomwe. Tsiku lina atatseka ntchito, anakhala ndi Mphunzitsi pabenchi la pafupi ndi pokwerera basi. Mtsikanayo anatembenukira kumbali, nakoka pang'ono, kanthunzi n'kutuluka.

"Kakununkhira bwino," anatero Mphunzitsi, akutambasula dzanja. "Tandibwereke ndilaweko."

Tsabola analimenya dzanjalo mpaka linalira.

"Usayerekeze! Iwe sunasutepo chibadwire, ndiye ukufuna kuyamba lero? Ine ndikukwawa kutuluka, iwe ukufuna kudumphiramo chifukwa cha fungo la maapozi?"

"Pepa, ndimangocheza."

"Cheza ndi masamu ako. Nanenso ndinayamba ndi kungocheza."

Mphunzitsi anasisita dzanja lake akumwetulira, kenako nkhope yake inasintha.

"Amayi avomera kuti ubwere Lamulungu. Ndawauza kuti unasiya fodya."

"Wawauza kuti ndinasiya ndudu, kapena kuti ndinasiya zonse?"

"Ndinangoti unasiya. Chonde, kachipangizoka ukakasiye kunyumba. Sangamvetse."

"Ndiye ukufuna ndilowe m'nyumba mwanu ndi bodza? Kakhala m'chikwama mwanga. Sindikakoka pamaso pawo, ulemu ndili nawo. Koma akandifunsa, ndikanena zoona."

"Palinso china. Namwino akabwera."

Namwino anali mwana wa anansi awo, amene anasamalira bambo ake a Mphunzitsi pa matenda aja. Kuyambira nthawi imeneyo, amayi a mnyamatayo ankamutcha mwana wa m'nyumba, ndipo sankabisa kuti ndiye mkamwana wa kumtima kwawo.

"Akabwera kudzandiyeza kutentha kwa thupi?" anafunsa Tsabola.

Asanayankhidwe, foni ya Mphunzitsi inalira. Iye anaiyang'ana, nafuna kuibweza m'thumba, koma Tsabola anali atawerenga kale. Uthengawo unali wa Namwino: "Ndamva kuti mlendo wathu anasintha utsi n'kuika nthunzi. Uwauze amayi asatseke mazenera."

"Muyankhe," anatero Tsabola. "Umuuze kuti mlendoyo akubwera, ndipo makatani a pa mazenera amenewo anasoka ndi iyeyo."

* * *

Lamulungu Tsabola anavala diresi labuluu, napaka lipisitiki yofiira imene sankatuluka popanda iyo. Pabalaza pa makolo a Mphunzitsi panali poyera mochititsa mantha. Pa mazenera panali makatani akale ofwifwa, ndipo ake aja sanaoneke paliponse. Namwino anali atafika kale, atamanga epuloni, akuyendayenda ndi mbale ngati mwini khitchini.

Mayi a nyumbayo analandira moni wa mlendoyo atakhala, ndipo anagwira dzanja lake nthawi yaitali kuposa mmene moni amafunira. Ankayang'ana zala.

"Ndamva kuti munasiya," anatero.

"Ndudu ndinasiya, amayi. Koma ndisakunamizeni, ndikugwiritsa ntchito yamagetsi kuti chibaba chisandibweze. Ndikutsitsa mphamvu yake, ndipo nayonso ndidzaisiya."

Mphunzitsi anatseka maso. Namwino anaika mbale patebulo mokweza.

"Zimenezotu si zabwinonso," anatero Namwino. "Nikotini ndi yemweyo, ndipo palibe amene akudziwa bwinobwino zimene nthunziyo imachita m'mapapo pakapita zaka."

"Mukunena zoona, anamwino, ndipo sindinati ndi mkaka. Ndati ndi njira yotulukira. Ngati muli ndi ina yabwino kuposa iyi, ndipatseni, ndilandira ndi manja awiri."

"Njira ndi mtima basi," analowerera mayi aja. "Onani abambo awa. Anasiya tsiku limodzi, opanda chidole, opanda batire. Munthu akafuna, amasiya. Si choncho, abambo?"

"Ndi choncho," anayankha mkuluyo, akuyang'ana m'mbale mwake.

Anali munthu wamtali, wowonda, wopuma pantchito ya zamakalata, ndipo mawu ake m'nyumbamo ankatuluka mwa apo ndi apo. Tsabola anawayang'ana, ndipo anaona zimene wosuta yekha ndiye amaona. Chakudya chitangotha, dzanja la mkuluyo linapita lokha pa thumba la malaya, n'kubwerera lopanda kanthu. Bondo lawo linayamba kugwedezeka pansi pa tebulo. Posakhalitsa anaimirira, nati akukaona ngati mpope wa kuseri watsekedwa bwino.

Tsabola nayenso chibaba chinamugwira, monga chimachitira munthu akangodya. Anapirira mpaka tiyi atabwera, kenako anapempha kuti atuluke pang'ono. Anadutsa pakhonde la kuseri, pamene panali miphika ya maluwa, napita mpaka kunja kwa geti. Kumeneko anakoka kawiri katatu, nabwerera. Pobwerera anapeza abambo aja pampope, akusamba m'manja ndi sopo kachiwiri, akutafuna khoko la lalanje. Maso awo anakumana. Mkuluyo anayang'ana pansi, ndipo Tsabola anadutsa nalowa m'nyumba.

* * *

Tiyi asanazizire, Namwino anapita kukataya madzi otsukira makapu pa maluwa. Anabwerera akuyenda pang'onopang'ono, atanyamula kanthu pakati pa zala ziwiri ngati wagwira mphemvu.

"Amayi, pepani. Ndapeza aka mumphika wa maluwa anu. Kakadali kofunda."

Anakaika pa sosala, pakati pa tebulo. Kanali kachidutswa ka ndudu, kotsala pang'ono, kophwanyika ndi mano kumbali yoika pakamwa.

Mayi aja anaimirira.

"M'nyumba mwanga! Pakhonde pamene amuna anga odwala chifuwa amapumirapo mpweya! Mwalowa ndi nkhope yoyera, mwatiuza za mabatire, kenako mwakayatsa fodya pa maluwa anga?"

"Si kanga, amayi."

"Ndiye ndi ka ndani? Watuluka m'nyumba muno ndani?"

Tsabola anayang'ana kachidutswako. Kanali koyera, kopanda banga lofiira, pamene kapu imene iye anamwera tiyi inali ndi chidindo cha milomo yake m'mphepete. Kukanangotengera kuika kapuyo pafupi ndi sosala, nkhani ikanatha. Koma ikanathera pa munthu wina, pakuti amene anatuluka m'nyumbamo Namwino asanatuluke anali awiri okha. Anayang'ana abambo aja. Maso awo ankapempha chinthu chimene pakamwa pawo sipakanatha kupempha.

Mtsikanayo anatenga kapu yake, napukuta m'mphepete ndi chala chachikulu.

"Ndanena kuti si kanga. Zina sindinena."

"Tsegulani chikwamacho," anatero Namwino.

"Chikwama changa amatsegula ndi apolisi, anamwino, osati otsuka makapu. Koma kuti amayi asavutike, nachi."

Anakhuthulira zonse patebulo: tepi yoyezera nsalu, makiyi, lipisitiki, kachipangizo kaja ndi kabotolo kake. Munalibe ndudu, munalibe layita, munalibe machesi.

"Wataya kunja," anatero Namwino.

"Vomerani basi," anatero mayi aja. "Mukavomera ndi kupepesa, mwina ndingaganizenso. Koma wosuta amene ndi wabodzanso, ameneyo mwana wanga sakwatira ndili moyo."

Mphunzitsi anamugwira pamkono.

"Ingopepesa," ananong'oneza. "Aliyense amaterereka. Ine sindikukwiyira."

Mawu amenewa ndi amene anamulasa Tsabola koposa onse. Anachotsa mkono wake, nabweza katundu wake m'chikwama chimodzichimodzi, mosafulumira.

"Amayi, ndikanakhala kuti ndasuta, ndikanakuuzani ndisanakhale pansi, monga ndakuuzani za chinachi musanandikakamize. Ndapepesapo zambiri pa moyo wanga, koma sindidzapepesa chifukwa cha ndudu imene sindinayatse. Zikomo chifukwa cha chakudya. Abambo, tsalani bwino. Musamale chifuwacho."

Anatuluka mutu uli m'mwamba. Misozi inadikira mpaka atakhota pakona.

* * *

Tsiku lotsatira mauthenga anayamba m'mamawa.

"Amayi sanagone. Akuti ubwere udzavomere, nkhani ithe," analemba Mphunzitsi.

"Iweyo ukukhulupirira chiyani?" anayankha Tsabola.

"Ndikukhulupirira kuti ukuyesetsa. Koma kachidutswako sikanagwe kumwamba."

"Sindinakufunse za kumwamba. Ndasuta kapena sindinasute?"

Yankho linachedwa, ndipo litabwera linali lakuti: "Ngati si iwe, ndiuze ndi ndani."

"Funsa mphuno yako. Unakhala pafupi nane tsiku lonse."

Patapita kanthawi, unalowa uthenga wa Namwino pa nambala yachilendo: "Musadzivutitse, achemwali. Nyumba ija imafuna munthu wodziwa kusamalira odwala. Mudzatisokere makatani a paukwati." Tsabola anaika foni pansi. Chibaba chimene chinamugwira nthawi imeneyo chinali choopsa kuposa cha masiku onse, pakuti mkwiyo ndi fodya ndi anansi akale. Kagolosale kogulitsa ndudu kanali tsidya lina la msewu, ndipo anafika mpaka pakhomo pa kachipinda kake, ndalama ili m'manja. Mtima unkamuuza kuti popeza amunamizira kale, kusuta kapena kusasuta n'chimodzimodzi.

Ambiri amagwera pamenepa. Amabwerera ku ndudu kuti alange munthu amene wawakhumudwitsa, osazindikira kuti mapapo amene akulangidwawo ndi awo omwe. Tsabola anaimba foni kwa achimwene ake.

"Ndikufuna kusuta, achimwene. Ndikufuna paketi yonse."

"Ndiye ukasute kuti namwino uja akhale wolondola? Khala pansi. Koka kachidole kakoko mofatsa, imwa madzi, usoke kanthu. Chibaba chili ngati basi, chimafika ndi phokoso koma chimadutsa. Ndipo ndiuze, ukubisira ndani?"

"Palibe."

"Iwe ndinakubereka kumsana. Ukati palibe, ndiye kuti alipo. Samala, chemwali. Chinsinsi cha wosuta chimathera kuchipatala."

* * *

Lachitatu masana, Tsabola ali pamakina, chitseko chinagogodedwa mwaulemu. Atatukula mutu anaona bambo ake a Mphunzitsi ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Odi, mayi. Ndingalowe?"

"Lowani, abambo. Khalani apa, ndichotse nsaluzi."

Mkuluyo anakhala m'mphepete mwa mpando, akuzunguza chipewa. Anayang'ana makina, anayang'ana denga, kenako anayang'ana nsapato zake.

"Ndabwera kudzathokoza," anatero. "Munandiveka tsiku lija."

"Sindinakuvekeni, abambo. Ndinadzivula ndekha. Mwana wanu akundiyesa wabodza, ndipo akazi anu atseka chitseko."

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Koma mayi ajawo simukuwadziwa. Lumbiro lija ndi limene amayendera. Auza abale onse, auza anansi, auza ngakhale wogulitsa nyuzipepala. Ndinayesetsa, mayi. Ndinapirira miyezi ingapo, kenako ndudu imodzi, kenako ina." Anatsitsa mawu. "Ndimati mundiphunzitse kachipangizo kanuko. Mundigulire kamodzi, ndizikasunga kuno kwa inu. Ndizibwera ngati ndikupita kokayenda."

Tsabola anatulutsa kachipangizo kake, nakaika patebulo pakati pawo.

"Kuphunzitsa si kovuta. Zimene anandiuza achimwene anga ndingakuuzeni lero lomwe. Koma choyamba chimene anandiuza n'chakuti munthu asayende njira ziwiri. Inu mukufuna kuno magetsi, kuseri kwa mpope ndudu, pabalaza lumbiro. Zimenezo ndi njira zitatu. Komanso inu si ine. Munagonapo m'chipatala ndi chifuwa, ndiye amene angakuuzeni choyenera ndi dokotala, osati telala."

"Dokotala akadziwa, Namwino adziwa. Namwino akadziwa..."

Sanamalize. Chifuwa chinawagwira, chakuya, chong'amba, mpaka anawerama n'kugwira tebulo. Anatulutsa kampango koyera m'thumba, natseka pakamwa. Chitatha, anafuna kukapinda msanga, koma Tsabola anali ataona kale. Pakati pa kampangoko panali banga lofiira, lofiira kuposa lipisitiki yake.

"Abambo! Zimenezi zayamba liti?"

"Si kanthu. Ndi m'kamwa chabe."

"Musandinamize, ine si akazi anu. Zayamba liti?"

"Mwezi wathawu," anayankha monong'ona. "Chonde, mayi, musauze munthu. Mwasunga chija, sungani ichinso."

"Chija ndinasunga chifukwa chinali cha manyazi. Ichi ndi cha moyo. Nyamukani, tipite kuchipatala pompano. Nditseka."

Mkuluyo anatola kachipangizo kaja patebulo, nakagwira ndi manja awiri ngati munthu womira wagwira chingwe.

"Ingondionetsani mmene amakokera. Mwina chifuwachi chingaleke."

"Sichingaleke ndi kameneko. Kaikeni pansi."

Chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa Mphunzitsi, ndipo kumbuyo kwake kunali amayi ake ndi Namwino. Namwinoyo ndiye anaona mkuluyo akukwera basi yolowera kumeneko, ndipo sanachedwe kuimba mafoni. Abambo aja anadzidzimuka, kampango n'kugwera pansi pafupi ndi phazi la makina.

Mayi aja anayang'ana amuna awo, nayang'ana chimene chinali m'manja mwawo.

"Abambo, mukutani kuno? N'chiyani mwagwiracho?"

"Ndinanena ine," anatero Namwino. "Sanakhutire ndi maluwa, tsopano akuphunzitsa odwala."

"Tsabola," anatero Mphunzitsi, "ine unandimenya dzanja. Bambo anga ukuwapatsa?"

Onse anayang'ana mkuluyo. Mawu amodzi okha ochokera pakamwa pawo akanamasula mtsikanayo. Koma mantha amene munthu waweta zaka zambiri sachoka chifukwa chakuti nthawi yabwino yafika. Abambo aja anaimirira, naongola malaya.

"Ndabwera kudzamulanda chinthuchi," anatero, osayang'ana munthu. "Ndi kudzamuuza kuti amusiye mwana wathu."

Mayi aja anapumira m'mwamba mokhutira, nakoka mkono wa mwana wawo.

"Wamva? Ngakhale bambo ako ofatsawa atopa naye. Tiyeni."

Tsabola sanalire, sanakuwe. Anawerama, natola kampango kaja, nakafumbata m'dzanja lake. Kenako anayenda mpaka pachitseko, nachitseka, naimirira atachitsamira.

"Palibe atuluke," anatero. "Dzina langa mwaliponda kawiri, abambo, ndipo ndikanatha kukusiyirani kuti mulipondenso kachitatu. Koma maliro anu sindinyamula nawo. Anamwino, yandikirani, pano ndiye pali ntchito yanu yeniyeni."

Anatukula dzanja lofumbatalo pamaso pa onse, ngodya yoyera ya kampango ikutuluka pakati pa zala zake.

"Abambo, mwagwetsa kampango kanu. Muwauza nokha, kapena ndikatambasule?"